Mbiri ya Hilda wa ku Whitby, ndi Umo Anailembera Bede

Ziripo mbiri zina za oyera mtima zimene munthu akaziwerenga atsala ndi kuzizwa kokha, osadziwa cimene angacite nazo m'mawa mwace. Mwezi uno tifuna kupeta mbiri imodzi pamodzi ndi inu owerenga athu, kuti tione maso ace ndi mankhusu ace. Ndiyo ya Hilda, mkazi wa ku England amene analumbira kusakwatiwa kuti atumikire Mulungu. Woilemba ndiye Bede, mphunzitsi wa ku Jarrow, m'buku lace la mbiri ya Eklesia wa Angelezi, limene analitsiriza m'Cilatini caka ca 731.

Hilda anabadwa caka ca 614 m'banja lacifumu la dziko la Northumbria. Atate wace anaphedwa ndi ciphe iye ali wakhanda. Caka ca 627 anabatizidwa pamodzi ndi mbale wao, mfumu Edwin. Atafika zaka 33 anasiya za pabwalo la mfumu, ndipo bishopu Aidan anamuika ayang'anire nyumba ya odzipereka kwa Mulungu ku Hartlepool. Caka ca 657 anayamba ina ku Whitby, pagombe la nyanja, mmene munakhala akazi mbali yao ndi amuna mbali yao, onsewo pansi pa ulamuliro wace. Anamwalira caka ca 680, atadwala zaka zisanu ndi cimodzi osaleka kuphunzitsa.

Tiyambe ndi cimene tiri naco mlandu. Bede agawa moyo wa Hilda pakati, zaka 33 m'dziko ndi zaka 33 m'nyumba ya Mulungu. Koma gawo loyambalo alipitirira ndi mau owerengeka. Komatu caka ca 633 mfumu Edwin inaphedwa kunkhondo, ndipo Paulinus, amene anawabatiza, anathawira kumwera. Pamenepo Hilda anali namwali wa zaka 19. Anasunga bwanji cikhulupiriro cace pamene mbusa anacoka ndi ufumu unapasuka? Bede sanena kanthu. Ife amene tikhala m'midzi, tilima, tikwatira ndi kulera ana, tikadapindula koposa ndi zaka zimenezo. Wolembayo anayesa kuti moyo woyenera kuulemba uyambira pakhomo la nyumba yopatulika, ndipo pamenepa tinena kuti anaphonya.

M'malo mwace atipatsa maloto. Amace a Hilda analota mkanda wowala pansi pa cobvala cao, wakuunikira dziko lonse. Ndipo usiku wa imfa yace mkazi wina dzina lace Begu, ali kutali ku Hackness, anaona mzimu wace ulikukwera ndi angelo. Sitiseka zimenezi ai. Koma tikumbuke kuti Bede anali kamnyamata pamene Hilda anafa, ndipo analemba zimene anamva kwa ena. Cimodzi timyamika naco: nthano ija yochuka, yakuti Hilda anasandutsa njoka miyala, mulibe m'buku lace. Inabuka pambuyo pace, cifukwa m'matanthwe a ku Whitby mupezeka miyala yopotana ngati njoka yodzipinda. Ndipo tsopano cadziwika kuti miyalayo ndiyo zigoba za tinyama ta m'nyanja ta kale lomwe.

Koma pamene Bede aleka maloto nafotokoza nchito, pamenepo cholembera cace cikoma. Atiuza kuti m'nyumba ya Hilda munalibe wolemera kapena wosauka, pakuti zonse zinali za onse. Kuti onse omdziwa anamucha Amai. Kuti mafumu anadza kudzafunsa uphungu wace. Ndi kuti anakakamiza anthu ace kuwerenga Malembo, kotero kuti amuna asanu a m'nyumbamo anadzakhala mabishopu. Atiuzanso kuti pa msonkhano wa ku Whitby, caka ca 664, pokangana za tsiku la Paskha, Hilda anali mbali ya mwambo wa ku Ireland, koma mfumu Oswiu inaweruza kuti atsate mwambo wa ku Roma. Bede mwini anali wa mbali yopambanayo, ndipo sanabisa kuti Hilda anaima kwina, kapena kumcepsa cifukwa ca ici. Kulemba kotere nkwa munthu woona mtima.

Mtima wa mbiri yonse uli pa nkhani ya Caedmon. Munthuyu anali wosaphunzira, wamkulu kale msinkhu. Pamaphwando, zeze akamayendayenda kuti yense ayimbe, iye amanyamuka ndi manyazi. Usiku wina anathawira kukhola, pakuti linali tsiku lace lakulonda ng'ombe, nalota wina alikumuuza ayimbe za ciyambi ca zolengedwa, ndipo anayimba. M'mawa mwace kapitao wace anamka naye kwa Hilda. Taonani cimene anacita maiyo. Sanamseka, ndiponso sanapfuula msanga kuti cozizwa caoneka. Anaitana ophunzira, namuwerengera mau a m'Malembo, namuuza awasandutse nyimbo. Ndipo pobwera nayo m'mawa mwace, anamlandira m'nyumbamo, nalamula kuti amphunzitse mbiri yonse yopatulika. Kuona maso a nkhono nkudekha. Potero anthu osadziwa Cilatini anamva za kulenga, za kuturuka m'Aigupto ndi za masautso a Ambuye m'cinenero ca amao. Bede analemba tanthauzo la nyimbo yoyambayo m'Cilatini, nabvomera kuti nyimbo yotembenuzidwa itaya kukoma kwace. Koma alembi ena anaonjeza mau ace a Cingelezi m'mphepete, ndipo iri mwa nyimbo zakale koposa za m'cinenero cimeneco.

Tsono ciweruzo cathu ndi ici. Mbiriyi iri ndi mpata waukulu, ndipo maloto ace sitingathe kuwatsimikiza. Koma iyenera kuwerengedwa, cifukwa itionetsa mkazi wa mwazi wacifumu amene anachera khutu kwa mlonda wa ng'ombe, namuyesa bwino, namphunzitsa. Njoka zamiyala tizisiyire ana. Akulu a mpingo ndi aphunzitsi anzathu, tidzifunse ife eni: mwa iwo amene akhala cete kumbuyo tikamayimba, ndani amene tinamuitana ndi kumfunsa cimene ali naco?