Bawo la ku Nkhotakota

Mlendo akatsika basi ku Nkhotakota, asavutike kufunsa komwe angapeze anzake ocheza nawo. Angotsetserekera kunyanja masana, asodzi akamaliza kusoka maukonde, atchere khutu: kulira kwa njere m'mabowo a thabwa kumufikitsa pansi pa mtengo pomwe pali bawo.

Ulemu wanga upite kwa akatswiri amenewa. Mabowo 32 m'mizere inayi, njere 64, koma masamu ake amachitikira m'mutu, dzanja lisanagwire kanthu. Mkulu wina amatha kuwerengeratu komwe njere yake yomaliza ikagwere, kenaka n'kuyamba kufesa akuyang'ana kumbali, uku akusimba za mwera womwe unawabweza usiku ali pa usipa. Oonerera nawo sakhala chete. Malangizo awo ndi aulere, ndipo ambiri mwa iwo ndi osocheretsa dala.

Bawo lathuli ndi pachibale ndi bao la ku Zanzibar, ndipo n'zosadabwitsa kuno, kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'ma 1840, ngalawa zake zikuwolotsa minyanga ndi akapolo. Mbiri yowawa, koma thabwali linatsala m'manja mwa eni mudzi.

Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti safunsa dzina msanga. "Khalani apa, achimwene, tione ngati kwanu amasewera." Akakudya njere zonse amaseka, n'kukukonzeranso thabwa. Pofika madzulo wadziwa mtengo wa chambo, nyumba yogona yabwino, ndiponso nthano ziwiri za ng'ona za mumtsinje wa Bua.