Kamangidwe ka Zoletsa za Mai Wapakati ndi Mmene Tizimasulira

Kuyambira mu 1987, pamene msonkhano wa ku Nairobi unakhazikitsa nchito ya ucembere wabwino, palembedwa timapepala tambiri ta Cinyanja tolangiza amai apakati. Kalembedwe kamene kapezeka kawirikawiri ndi ka mizere iwiri: mbali ina kuli zimene anthu akhulupirira, pamwamba pake palembedwa kuti "Bodza", mbali inzake kuli yankho la acipatala, pamwamba pake "Zoona". M'nkhani ino sititsutsa uphungu wa acipatala. Tifuna kuona ngati kalembedwe kotere kamvetsa mtundu wa mau amene kafuna kuwagwetsa, pakuti zoletsa za wapakati ndi gawo la zopeka za pakamwa monga miyambi ndi zirapi, ndipo zili ndi malamulo ake a kamangidwe.

Vuto liyambira pa kumasulira. Liu la Cingerezi lakuti myth omasulira ambiri alisandutsa "zikhulupiriro zabodza". Koma m'Cicewa bodza lili ndi mwini wake, ndi mlandu. Kuuza mtsikana kuti zimene anamva kwa anamkungwi pa cisamba, mwambo wolangiza wa mimba yoyamba, ndi bodza, ndiko kuchula agogo ake ndi apongozi ake kuti ndi onama. Mtsikanayo akabwerera kumudzi adzagona m'nyumba ya omwewo, ndipo ndi omwewo amene adzagamula tsiku lopita naye kucipatala. Kapepala kamene kawanyoza kataya mlandu kasanawerengedwe n'komwe.

Tiyeni tione kamangidwe kake. Coletsa ciri conse cili ndi zigawo ziwiri: lamulo lokana, ndi cotsatira cake, cimene kawirikawiri cinenedwa ndi mphatikiri -nga-. Usaime pakhomo, mwana angadzaime pakhomo. Usasuzumire m'nyumba n'kubwerera, mwana angadzasuzumire n'kubwerera. Usadye mazira, mwana angabadwe wopanda tsitsi. Usamange mfundo m'ciuno, mcombo ungakulunge mwana m'khosi. Cimene cilumikiza zigawo ziwirizi ndi kufanana kwa maonekedwe. Khomo la nyumba liimira njira ya mwana, dzira liimira mutu wosalala, cingwe ciimira mcombo. Uwu ndi mcitidwe wa cirapi: cinthu cooneka ciikidwa m'malo mwa cinthu cimene ulemu suloleza kucichula poyera. Ndiponso mphatikiri -nga- salonjeza kuti cinthuco cidzacitikadi, angocenjeza. Wolemba amene amasulira mau awa ngati cigamulo ca sayansi, nayankha kuti dzira ndi tsitsi sizikhudzana, wanena zoona, koma wayankha funso limene anamkungwi sanafunse.

Ciyankhulo conse ca ucembere ndi cobisa motere. Wapakati ndi "wodwala" kapena "woyembekezera", kubala ndi "kucira", mwana ndi "mphatso", ndipo mimba ikatayika akuti "wapita padera". Mau awa aonetsa anthu amene anali kudziwa bwino lomwe kuti mai angathe kulowa m'cikuta osatulukamo.

Komabe wopenda zolembedwa asagwe m'mbuna ya mbali inayo, yoyesa mwambo uli wonse kuti ndi nzeru yobisika. Mau okoma kamangidwe angathe kupweteka. Coletsa ca mazira cimana mai cakudya comanga thupi cimene cipezeka pakhomo pomwe, pa nthawi imene acisowa koposa. Mwambo wobisa mimba kufikira itaoneka, poopa anthu oipa mtima, ucedwetsa sikelo, pamene bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2016 kuti mai aonedwe kasanu ndi katatu, ulendo woyamba usanapitirire masabata 12. Za mdulo, zimene J.W.M. van Breugel anazifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake Chewa Traditional Religion la mu 2001, zili pakati-kati. Mantha a kutentha, kuzizira ndi mcere alibe maziko m'zacipatala, koma lamulo lakuti mwamuna ndi mkazi ayembekeze kufikira mwambo wotenga mwana linali kupatsa mai mpata wopumula. Kapepala ka mizere iwiri kalibe malo oikapo cinthu cotere.

Pamene tiyenera kukhalitsa ndi pa mapinga, cikhulupiriro cimene anzathu a Cibemba aciti incila: cakuti mwana akacedwa kubadwa, ndiye kuti mwamuna kapena mkazi anayenda kumbali pa nthawi ya mimba. Liuli lioneka kuti licokera ku mneni kupinga, ndipo cifanizo cake ndi ca mtengo wogwa copingasa panjira. Pa kamangidwe, mapinga asiyana ndi zoletsa zina zija. Za khomo ndi za dzira zicenjeza zinthu zisanacitike. Mapinga agwira nchito vuto litafika kale; asanduka mlandu, ndipo bwalo lake ndi mphasa imene mai wagonapo. Kunena zoona, lamuloli pa ciyambi limanga mwamuna kwambiri, ndipo ndi limodzi mwa malamulo ocepa amene amuikira malire pa miyezi yonse ya mimba. Koma usiku wa zowawa mwamuna ali kunja, ndipo amene aumirizidwa kuulula maina ndi mkazi. Maola amene apita pofunsa ndi pofuna mankhwala a mizu ndi omwewo amene anayenera kupita paulendo.

Zimene zitsekereza mwana zidziwika: mafupa a ciuno opanikiza, makamaka mwa atsikana amene atenga mimba thupi lisanakhwime, mutu wa mwana waukulu, kapena mwana wogona copingasa. Pano pali cinthu codabwitsa kwa wophunzira ciyankhulo. Akale sanalakwitse liu, popeza njira yapingikadi. Analakwitsa pa wopinga. Kuulula sikukulitsa fupa, ndipo mankhwala ofulumiza zowawa monga mwanamphepo, akaperekedwa njira ili yotseka, angang'ambe ciberekero. Cimene cipulumutsa ndi opareshoni yocitika msanga. Mai amene wacedwa nayo, akapulumuka, nthawi zina atsala ndi fisitula, bala lotayitsa mkodzo kosalekeza, ndipo mudzi umuwerengera ilo ngati umboni wa mlandu uja.

Boma la Malawi linaletsa azamba akumudzi kubereketsa mu 2007, ndipo pulezidenti Bingu wa Mutharika anacotsa ciletsoco mu 2010. Lamulo la boma lingasinthe malo obadwira, koma amene aperekeza mai kucipatala akadali apongozi ndi nchembere zomwe zija, pamodzi ndi mau ao. Cifukwa cake ife aphunzitsi a ciyankhulo, amene nthawi zambiri ndife tipemphedwa kumasulira timapepalati, tili ndi mbali yathu. Tingakane mutu wakuti "Bodza". Tingasiyanitse zoletsa zosapweteka munthu, monga ca khomo, zimene palibe cifukwa colimbana nazo, ndi zija zimene zimana mai cakudya kapena nthawi. Ndipo pa mapinga tingasunge cifanizo ca njira yopingika, popeza nchembere iri yonse icimva, ndi kulemba uphungu watsopano m'kamangidwe kakale: dzuwa lisatuluke kawiri mai ali pamphasa, njira ingakhale yapingika ndi fupa. Ngakhale pamenepa mau akuti "kawiri" acipatala adzati ndi nthawi yaitali kwambiri, ndipo adzafuna kuti tilembe maola 12, cinthu cimene womasulira ayenera kukambirana nao asanasindikize.