Kodi “ngâ€™ombe” ndi nyama yanji?

Aliyense amene amawerenga ndakatulo za Chinyanja pa foni anakumanapo nacho chilombo ichi: ngâ€™ombe. Mlakatuli analemba ng'ombe, koma patsamba pakutuluka tizizindikiro titatu tomwe palibe Mchewa kapena Mngoni angatitchule. Pang'ono, m'mudzi, n'chifukwa, onsewa amagwidwa matenda omwewo. Dzina la Malaŵi, kwa amene amaika kachipewa pa w, limasanduka MalaÅµi.

Achinyamata ambiri kuno ku Nabvutika amati vuto ndi foni yotchipa. Foni yalakwanji? Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati manambala. Mu dongosolo la UTF-8, kachizindikiro kopindika ka mu ng'ombe kamatenga mabayiti atatu, pamene ŵ amatenga awiri. Tsamba likapanda kunena kuti lalembedwa mu UTF-8, browser imangolota, ndipo kawirikawiri imawerenga ndi Windows-1252, dongosolo lakale lopangira zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Bayiti iliyonse imasanduka chilembo pachokha. Mzere umodzi wokha pamwamba pa tsamba umachiza zambiri mwa izi, koma eni masamba ena akaona zonyansazo amangofufuta kachizindikiroko m'mawu onse. Apo ndiye amaonjeza mlandu. Ngoma ndi gule amene Angoni amavina pa Nc'wala ku Mtenguleni, ng'oma ndi ija ya chikopa. Wachotsa kachizindikiro wasintha ndakatulo ya mwini wake.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mizere. Mlakatuli akadula mzere amakhala akukuuza popumira. Akasiya mawu amodzi okha pakati pa tsamba, akufuna kuti uwamve kulemera. Koma HTML, ikapanda kuuzidwa, imaphatikiza mipata yambiri kukhala umodzi, ndipo imanyalanyaza podulira pomwe munthu anangodina Enter. Njira yake ilipo kalekale: kuika chizindikiro chodulira mzere, kapena kulamula mu CSS kuti mipata isungidwe monga momwe ilili. Masamba angapo a zolemba zathu sachita zimenezi. Pa laputopu ya mkonzi ndakatulo imaoneka bwino chifukwa cha tizokometsera timene anakopera kwina, koma ikafika pa kafoni ka mwana wa sukulu imakhala phala, ngati kalata ya kwa amfumu. Ndaonapo ophunzira anga akukangana za chiwerengero cha ndime za ndakatulo imodzi, wina akuti zinayi, wina akuti imodzi yaitali. Onse ankanena zoona, mafoni awo ndiwo ankasiyana.

Musaiwale mmene anthu amawerengera kuno. Bandulo ikatsala pang'ono, ambiri amathawira ku Opera Mini. Pa njira yake yosunga data kwambiri, tsamba silibwera molunjika ku foni. Limayamba ladutsa pa makompyuta a Opera, amene amalifinya kenako n'kulitumiza litachepa. Zilembo zokongola zimene mwini tsamba anasankha zimatsala m'njira, ndipo JavaScript imagwira ntchito mopereŵera. Ndiye tsamba lomwe limadikira JavaScript kuti lionetse ndakatulo limaonetsa mutu wokha ndi chipupa choyera. Izi si zachilendo kwa ife. Pamene Facebook inayambitsa pulogalamu ya pa foni ya Internet.org mu Julayi 2014, dziko loyamba linali Zambia lomwe lino, kudzera pa Airtel, ndipo masamba a mmenemo ankayenera kukhala opepuka. Wopanga tsamba ku Chipata sanganene kuti sankadziwa owerenga ake.

Ena apeza njira yachidule: kujambula ndakatulo ngati chithunzi, maluwa m'mbali, n'kuiponya patsamba. Mizere imasungikadi, sindikana. Koma chithunzi chimadya bandulo, sungakopere mzere kuti utumizire mnzako, Google siipeza mosavuta, ndipo mnzathu wosaona amene foni imamuwerengera mokweza samva kanthu. Ndi kutsekera ndakatulo m'kabati ya magalasi.

Bungwe la W3C, limene Tim Berners-Lee anayambitsa mu 1994, linakhazikitsidwa kuti tsamba limodzi liziwerengeka paliponse, kaya ndi Chrome, Firefox kapena Safari. Mabrowser amasiyanabe apa ndi apo, koma pa mawu, mizere ndi zilembo amamvana kwambiri, bola wolemba tsamba atsate malamulowo. Chilankhulo chathu chili ndi chizindikiro chake m'malamulo amenewa, “ny”. Tsegulani mkati mwa masamba athu ambiri, mupeza akunena kuti ndi a Chingelezi cha ku America, chifukwa ndi mmene anawapezera ndipo palibe anasintha. Zotsatira zake, pulogalamu yowerengera osaona imatchula “ine” ndi “make” ngati mawu a Chingelezi.

Mkonzi amene amatha sabata akukonza “ndi” ndi “n'” m'zolemba za anzake angathe kubwereka kafoni ka mwana wa neba kwa mphindi zisanu, atsegule Opera Mini, aone ngati ng'ombe ikadali ng'ombe asanasindikize.