Diripi ya munthu wovulala mutu: kuunika kafukufuku wa SAFE

Munthu akavulala mutu pangozi ya kabaza, diripi yoyamba imaikidwa pachipatala chaching'ono, dokotala wa opaleshoni ya ubongo asanamuone. Madzi amene timasankha panthawiyo angathe kuwonjezera kutupa kwa ubongo. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pankhaniyi ndi wa SAFE, ndipo ndi bwino tisiyanitse zimene anatsimikizadi ndi zimene timangomunenera.

Kafukufukuyu anachitikira m'zipinda 16 za odwala mwakayakaya ku Australia ndi New Zealand, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Odwala pafupifupi 7,000 anagawidwa mwamaere, ena kulandira albumin wa 4 peresenti, ena normal saline. Patatha masiku 28, imfa zinali zofanana mbali zonse ziwiri, koma pakati pa ovulala mutu zinkaoneka kuti amwalira ambiri ndi a albumin. Ofufuzawo anatsatira odwala otere 460 kwa miyezi 24, ndipo mu 2007 analengeza kuti mwa olandira albumin anamwalira 33 pa 100 aliwonse, pamene mwa olandira saline anamwalira 20 pa 100 aliwonse.

Pali zifukwa zokhulupirira zotsatirazi. Mabotolo anali ophimbidwa moti madokotala ndi anamwino sankadziwa madzi amene wodwala akulandira, choncho kukondera kunalibe mpata. Komanso kutsatira odwala zaka ziwiri n'koyenera, chifukwa ubongo umachira pang'onopang'ono.

Zofooka zake ndi zitatu. Choyamba, kafukufukuyu sanakonzedwere ovulala mutu. Funsolo linakula ofufuza ataona kale kusiyana m'kagulu kamodzi, ndipo munthu akagawa odwala m'timagulu tambiri, kusiyana kwina kumangochitika mwamwayi.

Chachiwiri ndi chachikulu. Mitsempha ya mu ubongo imalola madzi kudutsa koma imatsekereza mchere, ndipo madzi amapita kumene mchere wachuluka. Diripi ikakhala yosungunuka kuposa magazi, madzi amalowa mu ubongo n'kuutupitsa, pomwe chigaza sichifutukuka. Albumin amene anagwiritsidwa ntchito mu SAFE anali wosungunuka kuposa magazi. Ndiye chinapha odwala n'chiyani, albumin weniweniyo kapena madzi amene anasungunuliramo? Kafukufukuyu sangayankhe.

Chachitatu, madziwa ankaperekedwa m'zipinda za odwala mwakayakaya zokhala ndi makina othandiza kupuma. Sanayese madzi operekedwa opaleshoni ili mkati, ndiponso si zipatala zonse kuno zili ndi zipangizo zotere. Amene amanena kuti SAFE inathetsa mkangano wa madzi a m'fiyeta akupitirira umboni.

Ngakhale zili choncho, phunziro la kusungunuka lili ndi umboni wina. Kafukufuku wa BaSICS wa ku Brazil, wotuluka mu 2021, anapezanso imfa zocheperapo mwa ovulala mutu amene analandira saline poyerekeza ndi olandira Plasma-Lyte, ngakhale kuti nakonso kanali kagulu chabe.

Albumin sapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu. Pashelefu timapeza normal saline, Ringer's lactate ndi dextrose wa 5 peresenti. Saline ali ndi sodium 154 pa lita, Ringer's ali ndi 130, ndipo dextrose thupi likatha kugwiritsa ntchito shuga wake amatsala madzi okhaokha. Choncho kwa wovulala mutu, yambani ndi saline. Dextrose wa 5 peresenti musamupatse ngati madzi okwezera BP. Shuga wotsika athandizidwe payekha mukamuyeza.

Kuopa kutupa kusatichititse kumana wodwala madzi, monga ankachitira kale. BP yapamwamba ikatsika pansi pa 90, ubongo wovulala umasowa magazi ndipo mwayi womwalira umakula kwambiri. Saline wochuluka nayenso amakweza chloride ndi asidi m'magazi, choncho yezani BP pafupipafupi ndi kuyang'anira mkodzo. Potumiza wodwala kuchipatala chachikulu, lembani m'kalata mtundu wa madzi, malita amene walandira ndi nthawi yake, chifukwa wogonetsa odwala m'fiyeta adzayambira pamenepo.