Amisiri a bolodi yopanda waya

Seva ikayatsidwa, choyamba kudzuka ndi firmware, kapulogalamu kamene kamakonza memori ndi purosesa Linux isanalowe. Olemba firmware amavutika chifukwa bolodi yomwe akuilembera imakhala yodula zedi, mwinanso isanapangidwe n'komwe.

Apa m'pamene ndimawatayira kamtengo amisiri a QEMU, pulogalamu imene Fabrice Bellard anaiyambitsa mu 2003. Mu 2019 akatswiri a Linaro anaikamo sbsa-ref, bolodi yongoyerekeza yotsata malamulo a SBSA a kampani ya Arm. Ilibe waya ngakhale mmodzi, komabe firmware za Trusted Firmware-A ndi EDK2 zimayenda pamenepo ngati pa chitsulo chenicheni. Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti bolodiyi siilera firmware. Inzake yotchedwa virt imapereka matebulo a ACPI, ofotokoza zida za bolodi, okonzakonza kale, koma sbsa-ref imati firmware idzikonzere yokha, monga zimakhalira pa seva yeniyeni. Waulesi amaonekera pompo.

Wophunzira wa ku Mtakataka kapena ku Golomoti, kumene seva ya Arm sungaipeze m'sitolo, angathe kutenga QEMU kwaulere pa intaneti, kuiika pa laputopu, kulakwitsa firmware kakhumi, n'kuyambiranso popanda kupsereza kanthu.