Pretty Yende musamuyezere pa nyimbo ya kwa mfumu

Amene anamumvapo Pretty Yende kuno kugombe, ambiri anamumvera pa kakanema ka pafoni: mayi wovala deresi lachikasu akuimba ku Westminster Abbey pa 6 Meyi 2023, tsiku limene ankalonga ufumu Charles III. Ine ndikuti nyimbo imeneyo, Sacred Fire, si muyezo wabwino wa liwu lake. Inapekedwera mwambo, ndi yaifupi ndi yodekha, ndipo siimupatsa mpata woonetsa luso lonse limene anakhetsera thukuta.

Yende anabadwa mu 1985 ku Piet Retief, tauni yaing'ono ya ku Mpumalanga, South Africa, ndipo kuimba anayambira kutchalitchi ngati ana athu a kwaya ku Messumba ndi ku Cobué. Opera anaimva koyamba ali ndi zaka 16, pa TV, m'chilengezo cha malonda cha British Airways. Anakaphunzira ku yunivesite ya Cape Town, kenaka kusukulu ya La Scala ku Milan. Mu 2011 anapambana mpikisano wa Operalia, ndipo mu Januwale 2013 anaitanidwa mwadzidzidzi ku Metropolitan Opera ya ku New York kukalowa m'malo mwa woimba wina m'sewero la Rossini, Le comte Ory. Usiku woyamba anagwa pamasitepe anthu akuona, nadzuka n'kuimba mpaka sewero kutha.

Wofuna kumumva bwino afunefune chimbale chake cha 2016, A Journey. Mphamvu yake ili m'nyimbo za Rossini, Donizetti ndi Bellini, zimene liwu limathamanga, kukwera ndi kutsika ngati bwato pa mwera. Koma chondigwira mtima si kukwerako ayi. Ndi mpweya. Amatha kuyamba mawu motsitsa kwambiri, kuwakuza pang'onopang'ono, n'kuwabweza osapuma pakati. Ndipo dziwani, abale, kuti anthu amenewa saimbira pa maikolofoni: holo ya ku New York imalowa anthu pafupifupi 3,800, gulu la zoimbira likulira kutsogolo kwake, koma wokhala kumbuyo amamva. Liwu lotere silichokera pakhosi. Aphunzitsi a makwaya athu, amene mumauza atsikana a soprano kuti "kwezani!" mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, pamenepa mpofunika mutchere khutu, mwana wokuwa chomwecho Lamulungu lililonse amasasa mawu asanakule.

Pali pomwe sindikondwera napo. Nthawi zina Yende amawonjezera zokometsera zambiri, n'kukwera pamwamba pomwe wopeka nyimbo sanalembe, mwakuti womvera amaiwala kuti mtsikana wa m'nkhaniyo ali pa chisoni, n'kuyamba kuwerenga masitepe a liwu. Kwathu kuno timadziwa kuti woimba pamaliro akachulutsa luso, anthu amaleka kulira n'kumamuyang'ana iye.

Ena amafunsa kuti mwana wa Afrika akuimbiranji Chitaliyana. Funsoli silindivuta kwenikweni, poti nafenso nyimbo zambiri za m'buku la mapemphero zinabwera ndi amishoni pa sitima, ndipo lero ndi zathu. Chondivuta ndi njira. Yende anapeza aphunzitsi ku Cape Town. Wathu wa muno m'Mozambique, Stella Mendonça, anakasulidwira ku Ulaya. Mtsikana wa ku Metangula wa liwu lotere angafike kwa mphunzitsi woyamba atayenda ulendo wautali bwanji, ndipo thikiti angam'gulire ndani?