Mphatikiri "-dza-" M'misonkhano Yoganizira za M'tsogolo: Phunziro la ku Bulawayo

Njira imene Robert Jungk ndi Norbert Müllert adaifotokoza m'buku lawo la 1981, yotchedwa Zukunftswerkstatt, ili ndi magawo atatu. Anthu amayamba ndi kutula madandaulo, kenaka amalota moyo umene angaufune, ndipo potsiriza amapangana zochita. Chida chachikulu pamenepa ndi funso la wotsogolera, ngakhale ambiri amaika mtima pa makadi ndi mapepala okhoma pakhoma. Ife tikukayikira gawo lachiŵirilo pamene funso lake latembenuzidwa m'Chicheŵa.

Otanthauzira amathamangira mphatikiri "-dza-", nafunsa kuti, "Kodi mudzakhala bwanji zaka khumi zikubwerazi?" Mphatikiri ameneyu adachokera ku mneni "kudza", monga momwe "-za-" wa Chindebele mu "ngizahamba" adachokera ku "ukuza". Amanena chinthu chimene chili kale panjira. Wofunsidwa motero amamva ngati akuuzidwa kulosera kapena kulonjeza, ndipo munthu waulemu amayankha kuti zamaŵa sizidziŵika.

Tidaona zotere pakati pa ana ndi adzukulu a Amalaŵi amene adadza kudzagwira ntchito ku Bulawayo, makamaka m'zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963. Anthuŵa ali ndi chifukwa choopera kulosera. Kusinthidwa kwa lamulo la unzika mu 2001 kudaŵasandutsa ambiri alendo m'dziko limene adabadwiramo, kufikira malamulo aakulu a 2013 ataŵabwezera unzikawo. Funso la "-dza-" adalilandira ndi chete. Titafunsa kuti, "Mutakhala ndi ziphaso zonse, mungayambe chiyani?", akuluakulu omwe adayamba kulankhula molandizana. Mphatikiri "-ta-" amaimika dziko longoyerekeza, ndipo "-nga-" amalola munthu kuyendamo popanda kumangidwa ndi mawu ake. Palinso "-kada-" wa mu "tikadamanga", koma ameneyu amabwezera anthu ku madandaulo, choncho malo ake ndi gawo loyamba.

Bulawayo yemweyo adaonetsa kale njira yoposa makadi. Gulu la Amakhosi, limene Cont Mhlanga adaliyambitsa ku Makokoba, lidaonetsa seŵero la Workshop Negative mu 1986. M'seŵeroli, amuna aŵiri amene adamenyana pankhondo ya ufulu, wakuda ndi mzungu, akugwira ntchito pamodzi pansi pa bwana amene adaiŵala zimene ankalalikira. Akuluakulu a boma sadakondwe nalo. Kwa ife chofunika n'chakuti pabwalo la seŵero zinthu zimanenedwa m'nthaŵi yatsopano. Woseŵera sanena kuti "ufulu udzatere", amangoutereketsa pamaso pa anthu, ndipo oonerera amaweruza okha ngati ndiko akufuna kupita. Augusto Boal adafika patali ndi ganizo lomweli pamene ankaitana woonerera kuloŵa m'malo mwa woseŵera.

Tivomereze kuti seŵero lili ndi chilema chake: limakometsa mkangano, koma silisiya pangano lolembedwa, pamene gawo lachitatu la Jungk limatero. Kumeneko "-dza-" ndi woyenera, pakuti "tidzapita ku ofesi ya ziphaso Lolemba" ndi lonjezo ndithu. Vuto lina limene tikulisiyira anzathu a Chindebele ndi lakuti achinyamata ambiri a m'mabanjaŵa amayankha m'Chindebele funso lofunsidwa m'Chicheŵa, ndipo wotsogolera ayenera kudziŵa mphatikiri wa zinenero zonse ziŵiri.